Chitini cha Dzulo

1. Bulangete m'beseni

Tsabola anali atalowetsa mapazi onse awiri m'beseni, akupondaponda bulangete lalikulu la pabedi la amayi ake, pamene chitseko cha mpanda chinatseguka. Analowa anali amayi akewo. Dzuwa linali lisanalowe n'komwe, ndipo kushopu yosoka zovala kumene ankagwira ntchito sankaweruka nthawi ngati imeneyi. Tepi yoyezera inali ikadali m'khosi mwawo.

"Tuluka m'madzimo."

"Ndangotsala pang'ono, amayi."

"Ndati tuluka."

Anatuluka, thovu lili mbuu m'miyendo. Dzina lakuti Tsabola anamupatsa ndi amayi ake omwewo ali wamng'ono, chifukwa cha pakamwa pake, ndipo linamukanirira mpaka kusekondale. Koma apa anaona nkhope yawo n'kutseka pakamwapo.

"Aphunzitsi ako a Chingerezi anabwera kushopu," anatero amayi. "Pamaso pa makasitomala, pamaso pa abwana. Akuti mawa m'mawa ndikaonekere kusukulu. Akuti ukapanda kusintha, m'kalasi mwawo usadzapondemonso. Mayeso ali pakhomo, iwe ukuchotsedwa m'kalasi ya Chingerezi. Akuti nkhani yake ndi ya chitini. Chili kuti?"

"M'chikwama."

"Katenge."

Tsabola anabwera nacho. Chinali chitini chakale cha mkaka, chobooledwa m'mbali, chomangidwa chingwe chokolekera m'khosi. M'kati munali timiyala. Kungochigwedeza pang'ono chinkalira, kwechekweche, mpaka nkhuku za oyandikana nawo kudzutsa mitu.

Amayi anayang'ana chitinicho, kenako anayang'ana mwana wawo.

"Ndasiya diresi la mkwatibwi pamakina chifukwa cha ichi?"

2. Lamulo la chitini

Nkhani yake inayamba kumayambiriro kwa teremu, kalasi ya Tsabola itafika pa phunziro la aneni a m'nthawi yakale.

Chingerezi chili ndi aneni omvera ndi aneni amwano. Omvera, ukafuna kunena zimene zinachitika n'kutha, umangowamata kamchira kumapeto. Walk amasanduka walked, nkhani yatha. Amwano amasintha nkhope yonse. Go amasanduka went. Buy amasanduka bought. Palibe chowafunsa amenewa, umangowaloweza.

Aphunzitsi anaphunzitsa mpaka mawu kusasa, koma ana ankangomata kamchira paliponse. Tsiku lina anabwera ndi chitini.

Lamulo lake linali lalifupi. Wolakwitsa mneni wa m'nthawi yakale azivala chitini kuyambira polowa pageti mpaka potuluka, ndipo azisesa m'kalasi anzake akaweruka. Kuti chimuchoke, agwire mnzake akulakwitsa, amuveke.

Ana a sukulu sachedwa kupatsa chinthu dzina. Popeza aphunzitsi ankayamba phunziro lililonse ndi kufunsa zimene munthu anachita dzulo, chitinicho anachitcha Dzulo. "Wavala Dzulo ndani lero?" linasanduka funso loyamba m'mawa, moni asanaperekedwe.

Wovala Dzulo ankasanduka mlenje. Ankabwera akumwetulira pa nthawi yopuma, n'kukufunsa m'Chingerezi zimene unadya, kumene unapita, amene unakumana naye. Ukapunthwa lilime, chingwe chili m'khosi. Posakhalitsa ana anachenjera. Akamva kwechekweche pakhonde, ankabalalika ngati anapiye aona kabawi. Amene ankagawana chingwa anayamba kudyera kuseri. Pofunsidwa ndi aphunzitsi, aliyense ankayankha ndi mneni mmodzi yemweyo wosavuta, moti kalasi yonse inkaoneka kuti dzulo inangoyenda basi, palibe anagula kanthu, palibe anagwa, palibe anaona chilichonse.

Tsabola chinamugwera chifukwa chothamangitsa pakamwa. Pofotokoza za mphaka ndi khoswe ananena kuti catched m'malo mwa caught. Kalasi inaseka, iyenso anaseka, n'kunena kuti pofika masana chikhala chili pa wina.

Woyamba kugwa mu msampha wake anali Asisi. Ameneyu anali wamkulu m'kalasi monse. Anasiya sukulu atatenga pakati, n'kubwerera mwana atayamba kuyenda, ndiye anzake onse ankamutcha Asisi. Ankakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera, ndipo sankayankhulayankhula. Tsabola anamupeza pampopi akumwa madzi, n'kumufunsa chimene sanabwerere kusukulu dzulo lake. Asisi, poona kuti wina wamufunsa za moyo wake, anayankha ndi mtima wonse kuti mwana anadwala ndipo anakagula mankhwala. Koma ananena kuti buyed.

Tsabola anali atagwira kale chingwe kuti avule.

"Ndiveke," anatero Asisi, akupukuta pakamwa. "Kwathu amandiseka kale kuti ndine ntchembere ya yunifolomu. Ndikafikenso ndi mbiri yakuti ndikulira ngati mbuzi ya belu? Ndiveke, koma mawa usandifunefune pa desiki paja."

Tsabola anasiya chingwe chija. Atalowa m'kalasi anakwera pa benchi, n'kugwedeza chitini mpaka onse kukhala chete.

"Dzulo wafika kwawo," anatero. "Sindiveka munthu. Wofuna kulakwitsa alakwitse."

Poyamba ankayesa kuti ndi msampha wina. Koma masiku anapita chitini chili pakhosi pomwepo, ndipo ana anayamba kubwerera. Pa nthawi yopuma ankamuzungulira, akuyankhula Chingerezi chothyokathyoka, akusekana, akukonzana, akukangana ngati teach amapita njira ya catch kapena ya reach. Ngakhale Asisi ankaponyamo liwu. Tsabola ankasesa yekha madzulo alionse, ndipo kunyumba ankangonena kuti anatsalira kuwerenga.

Aphunzitsi anali ndi maso. Anaona kuti chitini chasiya kuyenda.

3. Mawu a amayi

Zonsezi Tsabola anafotokoza ataima pambali pa beseni, thovu likuuma m'miyendo. Amayi anamvetsera atakhala pa chidebe chovundikira. Atamaliza, anavula tepi m'khosi n'kuyamba kuipinda.

"Tamvera, chifukwa sindibwereza," anatero. "Ine sindikudziwa ngati aphunzitsi akowo akulondola kapena akulakwa, ndipo ndilibe nthawi yofufuza. Chimene ndikudziwa n'chakuti wolephera Chingerezi satifiketi saiona, ngakhale masamu atakhoza bwanji. Aphunzitsiwo mayeso awo analemba kalekale. Iwe ukachoka m'kalasi mwawo, iwo sataya kanthu. Mawa adzuka, amanga tayi, apita kuntchito. Wotaya ndiwe, ndi ine amene ndimapindika msana pamakina kuti iwe usadzapindike.

"Kushopu kwathu abwana amafuna kuti tizisoka mabatani m'njira imene ine ndimaona kuti ndi yopusa. Ndimasoka. Si kuti ndilibe pakamwa, pakamwa pakopo unatengera ine. Koma munthu umayamba waona kuti ndewu iyi ndikapambana ndipeza chiyani, ndikagonja nditaya chiyani. Iwe sunaone. Wangokwera pa benchi, anzako akuombera m'manja, mutu wakula. Tsiku la mayeso oomba m'manjawo aliyense adzakhala pa desiki yake.

"Mnzakoyo ndi mayi. Anaona zowawa zoposa timiyala ta m'chitini. Muveke, umupepese kuseri, mawa lake agwire wina, nkhani ithe. Chifundo chinapha nkhwali, mwana iwe."

"Nanga akasiyadi sukulu?"

"Ndinamubala ndine?"

"Inu nomwe mumati mwana wa mnzako ndi wako yemwe."

"Ndimatero ndikapuma. Lero ndatopa."

Tsabola anakanda mwendo ndi chala cha phazi linalo. "Koma amayi, chiyambire teremu, ino ndi nthawi yoyamba kuti anthu ayankhule Chingerezi osanjenjemera."

"Zimenezo ukawauze aphunzitsi, ndiwo amalandira malipiro a Chingerezi. Ine ndakuuza zanga. Bulangetelo lisiye, sopo watha kale mphamvu. Tenga buku, ndikuone ukuwerenga."

4. Pamaso pa kalasi

M'mawa mwake anapita limodzi. Amayi ankayenda patsogolo, mofulumira, ngati munthu wopita kukachotsa dzino. Pageti Tsabola anatulutsa chitini n'kuchikoleka m'khosi. Amayi anatembenuka atamva kulira kwake, n'kupitiriza kuyenda.

Aphunzitsi anawalandira mwaulemu pakhomo la kalasi, n'kutuma mwana kukatenga mpando. Anali munthu wamtali, waimvi za m'mbali, wa choko m'zala ndi m'malaya. Amayi anakana mpando. Anati sakhalitsa.

"Mayi, ine sindidana ndi mwana wanu," anayamba aphunzitsi, mokweza kuti kalasi yonse imve. "Ndi mmodzi mwa anzeru muno. N'chifukwa chake ndinayenda ndekha kudzakupezani, m'malo mongomuthamangitsa.

"Ine pa msinkhu wawowu ndinavala fupa la ng'ombe m'khosi, lonunkha. Mneni amene ndinalakwitsa tsiku limenelo sindinamulakwitsenso mpaka lero. Mwana ukamuuza mokoma amaiwala asanafike pageti. Akachita manyazi saiwala. Ndaphunzitsa zaka zambiri, ndipo ana ochoka m'manja mwanga amakhoza. Ena amabwera ndi magalimoto kudzandithokoza.

"Koma chitini chimagwira ntchito chikamayenda. Mwana wanu wachiimitsa. Tsopano aliyense akulakwitsa mwaufulu, akuseka. Wochonga mayeso saseka, mayi. Amangodula ndi cholembera chofiira. Ndipo mwana mmodzi akathyola lamulo ine n'kuyang'ana kumbali, mawa ndilibe kalasi, ndili ndi msika."

"Ndamva, aphunzitsi," anatero amayi.

Aphunzitsi anatembenukira kwa Tsabola. "Dzulo ndinali pazenera. Ndinamva mnzako wa kumbuyoyo akulakwitsa, iwe uli pambali pake, n'kudzisandutsa gonthi. Sindikufunsa zambiri. Pita ukamuveke, ukhale pansi, tiyambe phunziro. Ukakana, khomo ndi ilo, ndipo usabwererenso m'phunziro langa."

Tsabola anayang'ana amayi ake. Iwo anangoloza kumbuyo ndi chibwano.

Anayamba kuyenda pakati pa madesiki, chitini chikulira pa sitepe iliyonse. Ana ankabweza miyendo kuti adutse. Atafika kumbuyo anapeza Asisi ataweramitsa kale mutu, khosi lili poyera. Pa desiki panalibe buku kapena cholembera. Zonse zinali m'chikwama, chikwamacho chotsekedwa, chili pamiyendo.

"Fulumira," ananong'ona Asisi. "Usawachedwetse mayi ako."

Tsabola anaima pang'ono. Kenako anatembenuka n'kubwerera kutsogolo, chitini chikadali pachifuwa pake.

"Aphunzitsi, sindiwaveka."

"Bwereza."

"Sindiwaveka. Mukafuna kuti ndivale mpaka tsiku la mayeso, ndivala. Kusesa ndizisesa. Mundipatse aneni onse amwano ndiloweze, ndiloweza. Koma kusaka anzanga ndakana. Chitinichi chikuyenda, muno munalibe woyankhula Chingerezi. Tinkangoopana."

"Kuyankhula zolakwika si kuyankhula," anatero aphunzitsi. "Vula, usiye patebulo, utuluke."

"Ndikasiya patebulo muveka wina. Ndinalakwitsa ndine. N'changa."

Kumbuyo wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Aphunzitsi sanakweze mawu. Anapita pakhomo n'kulitsegula lonse.

"Mwadzionera nokha, mayi."

"Ndaona. Pepani chifukwa cha nthawi yanu."

Tsabola anatenga chikwama chake n'kutuluka. Kwechekweche uja anamveka khonde lonse, mpaka kalasi ya pafupi inasuzumira pamazenera.

5. Pamphambano

Amayi anayenda naye mpaka pamphambano pamene njira ya kushopu imasiyana ndi ya kunyumba. Pamenepo anaima.

"Vula chinthucho, tili pamsewu."

Tsabola anavula.

"Sindikuyamikira, ndipo sindikumenya. Kukumenya n'kuwononga mkono umene ndikufuna pamakina. Ndinakuuza, wamva, wasankha zako. Ndiye tamvera mtengo wake. Maphunziro enawo uzipitabe. Chingerezi ulemba, ndipo ukhoza, kaya uphunzira pansi pa mtengo kaya pamwamba pa denga. Za kumpira, za kwa anzako, za wailesi, iwala. Aneni akowo uziwatchula pochapa, potsuka mbale, posita, ndizikumva ndili m'chipinda. Munthu wokana lamulo la mwini kalasi amagwira ntchito ya anthu awiri, yake ndi ya mphunzitsi. Ukadzalephera, usadzandiuze za chitini. Pa satifiketi salembapo kuti anali wachifundo."

"Ndamva, amayi."

"Ukanamva tikanakhala pano? Lero pita kunyumba, nkhope yako yandikwana. Bulangete lija likununkha."

Anakhotera kushopu osacheuka.

6. China

Kumpopi kunalibe madzi mpaka madzulo. Tsabola anakoleka chitini pa msomali wa pakhomo, n'kukhala pakhonde ndi buku. Aneni amwano anali ambiri kuposa mmene ankaganizira, ndipo panalibe womuuza ngati akuwatchula bwino. Mpopi utayamba kutsokomola, anataya madzi onunkha aja, anathira ena, n'kulowanso m'beseni.

Ali mkati mopondaponda anamva kwechekweche. Anayang'ana pa msomali. Chitini chake chinali phee. Kulirako kunkachokera kumsewu, ndipo kunkayandikira.

Chitseko cha mpanda chinatseguka. Analowa Asisi, akadali mu yunifolomu, chikwama kumsana. M'khosi mwake munali chitini chatsopano, cha tomato, chonyezimira, pepala lake lisanachoke n'komwe.

"Iwe unkayesa kuti padziko pano chitini n'chimodzi?" anatero Asisi. "Usanafike n'komwe pageti, aphunzitsi anatsegula kabati n'kutulutsa china."

Tsabola anaima chilili m'madzimo. "Ndiye ndatulukira chabe?"

"Anakutuma ndani? Ine ndinali nditalongedza. Ndikanavala, ndikanapita kwathu mwakachetechete, pofika mawa mukanandiiwala. Tsopano ndisiya bwanji sukulu, kamwana ngati iwe katachotsedwa chifukwa cha ine? Anthu adzati chiyani? Wandimangirira pa desiki, Tsabola, ndipo sindikukuthokoza."

"Mwayenda nacho msewu wonse? Pageti timavula."

"Ndadutsa nacho dala pakhomo pa azakhali anga, amene amaseka kwambiri aja. Aseke lero atope." Anatsitsa chikwama n'kutulutsa kope. "Ichi sindiveka munthu. Ndawauza aphunzitsi pamaso. Ndiye akuti Lolemba tonse awiri tikaonekere kwa a hedi, aliyense ndi kholo lake. Ndawauza kuti ine kholo ndine ndemwe, sanaseke. Za lero ndakulembera umu. Zilembo zanga n'zoipa, uzolowera."

Amayi anafika nthawi yomweyo, nsapato zili m'manja chifukwa cha kutupa kwa mapazi. Anaona mlendo, anaona chitini cha m'khosi mwake, anaona cha pa msomali.

"Zayamba kuswana?"

Asisi anapinda maondo. "Mwaswera bwanji, amayi? Pepani, nkhani yonseyi ndi ya ine."

"Ndaswera. Mwana ali bwanji?"

"Wachira, amayi."

"Chabwino." Anakhala pa chidebe chovundikira chija n'kuyamba kusisita phazi. Tsabola anawauza za Lolemba. Amayi anatseka maso.

"Lolembanso. Mkwatibwi uja akwatiwa ndi diresi la mkono umodzi." Anatsegula maso. "Kwa a hedi si kwa aphunzitsi. Aphunzitsi amakutulutsa m'kalasi, a hedi amakutulutsa pageti. Muganize bwino chokanena, nonse awiri, chifukwa ine ndikukangokhala pampando. Iwe, mpatse mnzako mbali imodzi. Bulangete limenelo munthu mmodzi safinya."

Asisi anakwinya manja a malaya n'kugwira nsonga. Tsabola anatuluka m'beseni n'kugwira inayo. Anayamba kupotokola, wina uku wina uku, chitini cha tomato chikugunda pachifuwa.

"Catch," anatero Asisi.

"Caught."

"Teach."

"Taught."

"Mokweza," anatero amayi. "Sindikumva."

Madzi otuluka m'bulangete anali akadali a thovu, ofunika kutsukuluzanso, ndipo mpopi unali utayambanso kutsokomola. Tsabola analibwezera m'beseni n'kuthamanga ndi chidebe kuti atunge asanathe. Chokanena kwa a hedi anali asanachipeze.